Tsitsi Likamathothoka Pambuyo pa Matenda Kapena Opaleshoni

Munthu amene wadwala malungo aakulu mu Febuluwale n'kugonekedwa m'chipatala, kawirikawiri sayamba kuona tsitsi lochuluka likutsalira pa chipeso mpaka cha mu Meyi kapena mu Juni. Pa nthawiyo amakhala atachira kalekale, wabwerera ku ntchito kapena ali kalikiliki kukolola, ndipo za matenda aja sakuziganiziranso. N'chifukwa chake ambiri amaloza chala zinthu zosalakwa: chisanu chotsika m'phiri la Zomba, madzi a pamjigo, mafuta odzola amene agula posachedwa, mtsikana wa kusaluni, mwinanso mnansi amene akumuganizira kuti anatola tsitsi lawo n'kupita nalo kwa sing'anga. Zomwezi zimachitikira mayi amene wabereka, bambo amene am'chita opaleshoni ya m'mimba, ngakhalenso wophunzira amene anadwala taifodi mkati mwa teremu. Kuchedwa kumeneku, kwa miyezi iwiri mpaka inayi pakati pa matenda ndi kuthothoka kwa tsitsi, ndiko kumasokoneza anthu, ndipo amene wakumvetsa amapulumutsa ndalama zake pamodzi ndi tsitsi lomwe latsala.

Pamutu pa munthu pali timizu ta tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo kalikonse kamayendera nyengo zake. Nthawi ina iliyonse, tsitsi 85 mpaka 90 mwa 100 lililonse limakhala likukula, ndipo nyengo yokulayi imatenga zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi. Lotsalalo limakhala litasiya kukula, likupuma kwa miyezi pafupifupi itatu, kenako limagwa pamene latsopano likuphukira pa muzu womwewo. Motero munthu wabwinobwino amataya tsitsi 50 mpaka 100 tsiku lililonse osazindikira n'komwe. Koma thupi likapanikizika kwambiri, monga chifukwa cha kutentha kwa masiku angapo, kutaya magazi, kuchekedwa pa opaleshoni kapena kukhala nthawi yaitali osadya mokwanira, limachita zomwe banja limachita chaka cha njala: limayamba lasiya zinthu zimene munthu sangafe atazisowa, kuti zochepa zomwe zilipo zisunge moyo. Tsitsi lili m'gulu la zosiyidwazo. Timizu tambiri, nthawi zina 30 mwa 100 tilitonse kapena kuposa pamenepo, timaleka kukula nthawi imodzi n'kulowa m'nyengo yopuma ija. Tsitsilo siligwa pomwepo ayi, limakhalabe m'malo mwake mpaka miyezi yopumayo ikwane, ndiyeno limagwa pamodzi. Madokotala a khungu amalitchula vutoli kuti telogen effluvium, dzina limene dokotala wa ku America, Albert Kligman, analipereka mu 1961.

Chofunika kuchigwiritsitsa n'chakuti timizu timeneti sitinafe. Tsitsi limene mukuliona pa pilo kapena m'beseni linasiya kukula miyezi yapitayo, ndipo nthawi zambiri likugwa chifukwa latsopano layamba kulikankha. Vutoli palokha silichititsa dazi lenileni, ndipo kwa anthu ambiri limatha lokha pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, malinga ngati chomwe chinaliyambitsa chatha. Ntchito yanu tsono ili pawiri: kutsimikiza kuti vuto lanu ndi limeneli osati lina lofanana nalo, ndiponso kuchotsa chilichonse chimene chingalitalikitse.

Yambani ndi kabuku ka kuchipatala

Musanagule mankhwala alionse, tsegulani kabuku kanu ka kuchipatala muwerenge mobwerera m'mbuyo miyezi iwiri mpaka inayi kuchokera tsiku limene munayamba kuona tsitsi likugwa mochuluka. Mukufuna kupeza chochitika chachikulu: malungo amene anakugonetsani, chibayo, taifodi, kutsekula m'mimba koopsa, opaleshoni ina iliyonse yaikulu, kubereka, kupita padera, ngozi, kapena kuyamba mankhwala atsopano. Anthu ambiri amene anadwala COVID-19, matenda amene anafika m'Malawi mu Epulo 2020, anaona vuto lomweli atachira, ndipo silinali losiyana ndi la pambuyo pa malungo. Palinso zinthu zimene sizilembedwa m'kabukuko koma thupi limazimva chimodzimodzi, monga maliro a munthu wapamtima, kutha kwa banja, kudwazika wodwala miyezi ingapo osagona mokwanira, kapena kudzimana chakudya pofuna kuchepetsa thupi msanga. Odwazika matenda amaiwalika kwambiri pa nkhaniyi, chonsecho amene wagona pansi pa simenti masabata angapo akudikirira wodwala, akudya mwa apo ndi apo, angathe kutaya tsitsi ngati wodwalayo.

Zikhadabo nazo zimapereka umboni. Matenda aakulu amaimitsa kukula kwa chikhadabo kwa kanthawi, ndipo pamatsala kamzere kolowa mkati kopingasa chikhadabocho. Popeza chikhadabo cha kumanja chimakula pafupifupi mamilimita atatu pa mwezi, kamzere kamene kali chapakati pa chikhadabo kakusonyeza kuti thupi linavutika miyezi ingapo yapitayo, nthawi yomweyo imene tsitsi linaleka kukula.

Kwa mayi wobereka, kuthothokaku kumayamba mwana ali ndi miyezi iwiri mpaka inayi, ndipo kawirikawiri tsitsi limakhala litabwerera mwakale mwanayo akamakwanitsa chaka. Pa nthawi ya mimba tsitsi lambiri limene likanagwa limapitiriza kukula, choncho likamagwa pambuyo pake limakhala ngati likubweza la miyezi yonseyo. Kuyamwitsa si kumene kumachititsa zimenezi, ndipo kuletsa mwana kuyamwa pofuna kupulumutsa tsitsi n'kumulakwira mwanayo popanda phindu lililonse kwa mayi.

Kodi likuthothoka kapena likuduka?

Funso ili ndi lofunika kwambiri kwa ife a tsitsi lopiringizika, chifukwa tsitsi lathu limaduka msanga kuposa la mitundu ina, ndipo mavuto awiriwa ali ndi njira zosiyana zowathetsera. Tengani tsitsi pang'ono pa chipeso muliike pa pepala loyera pamalo owala. Limene lathothoka lokha limakhala lalitali monga momwe tsitsi lanu lilili, ndipo kumapeto kwake kuli kachibulu koyera kouma, kakang'ono ngati mchenga. Ena akaona kachibuluko amachita mantha poganiza kuti muzu wazuka, koma muzu weniweni umatsala m'khungu. Limene laduka limakhala tizidutswa tatifupi tosiyana kutalika, topanda kachibulu, ndipo zimenezi zimachokera ku mankhwala owongolera tsitsi, kuliwotcha, kulipesa lili louma kapena kulikoka kwambiri poluka. Munthu mmodzi angathe kukhala ndi mavuto onse awiri, makamaka ngati atangotuluka m'chipatala anathamangira kusaluni kuti aoneke bwino.

Amene amaluka tsitsi kapena kuika meshi ayenera kuchita masamu asanade nkhawa. Tsitsi lolukidwa likathothoka siligwa pansi, limakodwa m'malukidwemo mpaka tsiku lomasula. Ngati mwakhala masabata asanu ndi limodzi osamasula, amenewo ndi masiku 42, ndipo munthu wopanda vuto lililonse angatulutse tsitsi 2,100 mpaka 4,200 pa tsiku lomasulalo. Limenelo ndi lodzaza dzanja, ndipo likhoza kuopsa aliyense amene sanawerengere. Chizindikiro chodalirika si mulu wa tsiku lomasula, koma zomwe zikuchitika m'masabata otsatira tsitsi lili lomasula. Mungathenso kudziyesa motere: tsitsi lisanachapidwe, gwirani kamtolo kakang'ono pafupi ndi khungu n'kukoka pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Kutuluka kwa limodzi kapena awiri si kanthu, koma ngati pakutuluka lochuluka nthawi iliyonse, m'malo osiyanasiyana a mutu, ndiye kuti kuthothoka kuli mkati.

Kuthothoka kwa pambuyo pa matenda kumakhudza mutu wonse mofanana. Tsitsi limapyapyala, mpata wa pakati pa mizere yolukidwa umakula, m'mbali mwa chipumi mumaoneka mopepuka, koma khungu limakhala labwinobwino, lopanda zilonda, mafinya kapena nkhanambo. Zikakhala zosiyana ndi zimenezi, ganizirani matenda ena.

Zizindikiro zosafunika kudikira

Zigamba zozungulira zokhala ndi mfundu, zoyabwa, tsitsi litadukira pafupi ndi khungu, makamaka mwa ana a sukulu, kawirikawiri zimakhala zipere. Zipere za m'mutu sizitha ndi mankhwala opaka okha chifukwa tizilombo take timalowa mkati mwa tsitsi, choncho pamafunika mankhwala akumwa, monga griseofulvin, kwa masabata angapo. Chizolowezi chopaka adyo wosinja kapena mafuta a mabuleki a galimoto pa zipere chimawotcha khungu, ndipo pamene pachita chipsera tsitsi silimeranso. Chigamba chosalala bwino, chopanda mfundu kapena kuyabwa, chotulukira mwadzidzidzi, chimakhala vuto lina limene chitetezo cha thupi chimalimbana ndi timizu ta tsitsi, ndipo chimafuna kuonedwa ndi dokotala. Tizigamba tambirimbiri tosalongosoka, makamaka ngati pali zotupa m'manja ndi kumapazi kapena nsidze nazo zikuthothoka, tikhoza kukhala chizindikiro cha chindoko, matenda amene amayezedwa mosavuta ndipo amachira ndi jakisoni wa penisilini.

Pali vuto lina limene limakhudza kwambiri amayi achikuda, ndipo ndi limene sindingafune kuti munthu alisokoneze ndi kuthothoka kwa pambuyo pa matenda. Tsitsi limayamba kupyapyala pa liwombo n'kumafalikira mozungulira, nthawi zina pakumveka kuyabwa, kutentha kapena kupweteka, ndipo khungu limayamba kunyezimira, timabowo ta tsitsi titatsekeka. Pamenepo timizu timakhala tikufa, ndipo chimene chingachitike n'kupulumutsa tomwe tatsala, motero mwezi uliwonse wodikira ndi kutaya. Chimodzimodzinso tsitsi likamatha m'mphepete mwa chipumi ndi pamwamba pa makutu chifukwa cholukidwa mothina kwa zaka zambiri: poyamba limabwerera mukasiya kulikoka, koma zikapitirira limatheratu.

Amene achitidwa opaleshoni yotenga maola ambiri nthawi zina amaona chigamba chimodzi kunkhongo patangopita masabata ochepa, mwina pamalopo patayamba patupa kapena kupweteka. Zimenezi zimachitika chifukwa mutu unatsamira malo amodzi nthawi yaitali ndipo magazi sankayenda bwino pakhungupo. Kawirikawiri tsitsi limameranso, koma ndi bwino kukaonetsa pa tsiku lobwerera kuchipatala.

Pitaninso kuchipatala mosachedwa ngati kuthothokaku kukubwera pamodzi ndi kuwonda kosadziwika bwino, kutsokomola kopitirira masabata awiri, kutuluka thukuta usiku, kupweteka molumikizana mafupa, zilonda m'kamwa, kapena chotupa pakhosi. Pamenepo tsitsi likungonena za matenda amene akadali m'thupi, monga chifuwa chachikulu, HIV yosadziwika kapena vuto la chithokomiro.

Likapitirira miyezi isanu ndi umodzi

Ngati tsitsi likuthothokabe patapita theka la chaka, ndiye kuti pali chinthu chimene chikuliletsa kubwerera, ndipo kwathu kuno choyamba kuchiganizira ndi kuchepa kwa magazi ndi ayironi, mchere umene thupi limagwiritsa ntchito popanga magazi. Malungo amaphwanya maselo ofiira a magazi, opaleshoni ndi kubereka zimatayitsa magazi, ndipo mayi amene amataya magazi ambiri pa msambo amayamba kudwala ali kale ndi ayironi wochepa. Kwa anthu a kumadera oyandikana ndi nyanja ya Chilwa, monga Kachulu ndi mbali za Jali, komanso onse olima mpunga m'madambo, likodzo ndi njoka za m'mimba zimachotsa magazi pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo munthu angamwe mapiritsi a ayironi miyezi yambiri osaona kusintha ngati gwero la kutayako silinatsekedwe. Zizindikiro zake ndi kutopa msanga, befu pokwera chitunda, chizungulire, mtima kugunda kwambiri, kutuwa m'zikope ndi m'manja, ndiponso chilakolako chodya dothi. Chomalizachi amayi ambiri amachita nacho manyazi ndipo sachitchula kwa dokotala, chonsecho n'chimodzi mwa zizindikiro zothandiza kwambiri.

Kuyeza kuchuluka kwa magazi kumachitika m'zipatala zambiri. Mukhoza kuyambira pa chipatala chapafupi, kaya ndi Matawale, Domasi, Pirimiti kapena St Luke's ku Malosa, ndipo ngati pakufunika kufufuza zambiri adzakulemberani kalata yopita nayo ku Zomba Central Hospital. Malinga ndi muyezo wa bungwe la World Health Organization, magazi amakhala ochepa ngati hemoglobin, chinthu chofiiritsa magazi chimene amachiyezacho, ili pansi pa 12 kwa mayi amene si woyembekezera, pansi pa 11 kwa woyembekezera, ndi pansi pa 13 kwa bambo. Komabe nambalayo ikhoza kuoneka yabwino pamene nkhokwe ya ayironi m'thupi yatha kale, ndipo tsitsi limamva kutha kwa nkhokweyo magazi asanatsike. Kuyeza nkhokweyi, kumene amati ferritin, pamodzi ndi kuyeza chithokomiro, sikupezeka m'zipatala zing'onozing'ono zambiri, koma n'koyenera kukufunsa ngati vuto lakhalitsa. Mukapita, musangonena kuti tsitsi likuthothoka, chifukwa pa mzere wautali wa odwala dandaulo lotere limapepukitsidwa. Nenani tsiku limene munadwala kapena kuchitidwa opaleshoni, nthawi imene kuthothoka kunayamba, momwe msambo ukuyendera, ndi mankhwala onse amene mukumwa.

Mukapatsidwa mapiritsi a ayironi, monga ferrous sulphate, dziwani kuti chimbudzi chimada ndipo ena amadzimbidwa kapena kumva nseru. Zimenezi si chifukwa chosiyira, ndipo ngati zakula, dokotala angasinthe kamwedwe kake. Cholakwika chofala n'kusiya mapiritsi mphamvu zikangobwerera, pamene nkhokwe ija imafuna miyezi ina pafupifupi itatu magazi atakwera kuti idzaze. Musamwere mapiritsiwa tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi. Siyani mpata wa ola limodzi kapena awiri. Asungeni kutali ndi ana, popeza mwana akameza ambiri akhoza kufa, ndipo musayambe kumwa musanayezedwe.

Mankhwala ena nawo amachititsa tsitsi kuthothoka. Odziwika bwino ndi ochepetsa kuundana kwa magazi monga heparin ndi warfarin, amene ena amapatsidwa pambuyo pa opaleshoni, sodium valproate wa khunyu, ndi ena a kuthamanga kwa magazi monga propranolol. Kusiya mapiritsi olera kungayambitsenso kuthothoka kwa kanthawi. Ngakhale zili choncho, musasiye mankhwala alionse panokha, makamaka ma ARV, a chifuwa chachikulu, a khunyu ndi a mtima. Tsitsi limameranso, koma kudukiza mankhwala amenewa kungabweretse vuto losabwezeka, choncho kafotokozereni dokotala kuti aone ngati pali ena osinthira.

Chakudya

Tsitsi limapangidwa ndi zakudya zomanga thupi, ndipo wochira amene akudya phala lopanda kanthu ndi nsima ya masamba okhaokha sangalibwezeretse msanga. Sipafunika zakudya zodula. Nandolo, nyemba, khobwe, soya ndi mtedza zimapezeka m'misika ya Thondwe, Songani ndi Mpondabwino, ndipo matemba ndi usipa, zodyedwa zathunthu ndi mitu yomwe, n'zothandiza kwambiri poyerekeza ndi mtengo wake. Mazira, chiwindi cha nkhuku kapena mbuzi mwa apo ndi apo, ngumbi pa nyengo yake, ndi phala lothira nsinjiro kapena ufa wa soya zimawonjezera zomanga thupi ndi ayironi. Ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba monga bonongwe, chisoso ndi nkhwani salowa m'thupi mosavuta ngati wa m'nyama, koma amalowa bwino akadyedwa pamodzi ndi zipatso monga magwafa, malalanje, malambe kapena tomato wosapsetsa. Soda ndi chidulo zimafewetsa masamba koma zimawononga mavitamini ena, choncho wochira ndi bwino azidya masamba ophikidwa popanda zimenezi. Amene akufuna kuchepetsa thupi adikire kaye, chifukwa kudzimana chakudya pa nthawi imeneyi kumayambitsa kuthothoka kwachiwiri kusanathe koyamba.

Kasamalidwe ka tsitsi pa miyezi yodikira

Ambiri amaleka kuchapa ndi kupesa tsitsi poganiza kuti akulisunga. Tsitsi limene lalowa kale m'nyengo yopuma ligwa ndithu, kaya lichapidwe kapena ayi, ndipo kulisiya kumangochititsa kuti lakugwalo likolane ndi lamoyo n'kupanga mfundo zimene pomasula zimadula labwino lomwe. Chapani kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, mulipese lidakali lonyowa mutalipaka zofewetsa, ndi chipeso cha mano otalikirana kapena ndi zala, kuyambira kunsonga kutsikira kumizu. Mankhwala owongolera tsitsi, utoto ndi kuliwotcha ziyambe zaima mpaka kuthothoka kutatha. Ngati mukuluka, lukani mizere ikuluikulu yosathina, yopanda meshi yolemera, ndipo musapitirire masabata asanu ndi limodzi osamasula. Malukidwe amene akukupweteketsani mutu, kukulepheretsani kugona kapena kutulutsa titsungu m'mphepete mwa chipumi ndi othina kwambiri, ndipo ayenera kumasulidwa tsiku lomwelo ngakhale mwalipira kale. Muuzeni wolukayo kuti mwangochira kumene, pakuti ambiri amathinitsa chifukwa makasitomala ndi amene amafuna kuti malukidwe akhalitse.

Wigi ndi duku n'zothandiza pa nthawiyi ndipo sizilepheretsa tsitsi kumera, malinga ngati wigiyo siimatidwa ndi guluu m'mphepete mwa chipumi ndipo imavulidwa usiku. Pogona, kansalu koterera kamateteza tsitsi kuti lisaduke kuposa nsalu ya thonje. Kumeta sikufulumizitsa kukula kwa tsitsi kapena kulichulukitsa, monga ambiri amakhulupirira, koma ndi chisankho chabwino kwa amene watopa kuona tsitsi pa pilo, popeza tsitsi lalifupi limabisa kupyapyala ndipo latsopano limafanana msanga ndi lakale.

Pa zogula, maganizo anga ndi akuti ndalama zambiri zimene anthu amawononga pa vutoli zikanathandiza zikanagulidwa mazira ndi matemba. Mafuta a nsatsi, a kokonati ndi ena otere amafewetsa tsitsi n'kulithandiza kuti lisaduke, koma sasintha nyengo ya timizu. Chifukwa vutoli limatha lokha, mafuta alionse amene munthu wayamba kudzola m'mwezi wachinayi amaoneka ngati agwira ntchito, ndipo umu ndi momwe maumboni ambiri a pa Facebook ndi WhatsApp amabadwira. Mapiritsi a biotin sathandiza munthu amene alibe vuto la kuchepa kwa vitamini ameneyu, vuto limene n'losowa kwambiri, komanso amasokoneza zotsatira za kuyeza chithokomiro, choncho ngati mukumwa nenani musanatengedwe magazi. Vitamini A wochuluka mopitirira muyezo amathothola tsitsi m'malo molimeretsa. Mafuta osakanizidwa opanda chizindikiro chosonyeza zomwe zili mkati ndi oyenera kuwapewa, chimodzimodzinso mankhwala amphamvu a khungu monga betamethasone, amene amabisa zipere n'kuzikulitsa. Minoxidil, wopezeka wa 2% ndi 5%, ndi mankhwala odziwika amene amathandiza pa mitundu ina ya kutha kwa tsitsi, koma pa kuthothoka kwa pambuyo pa matenda nthawi zambiri safunika, amawonjezera kuthothoka m'masabata oyamba, ndipo si oyenera kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa.

Odwala khansa amene akulandira mankhwala amphamvu, monga paclitaxel kapena doxorubicin, vuto lawo limayenda mosiyana. Tsitsi limayamba kugwa patangopita masabata awiri kapena atatu chilandirireni mankhwala oyamba, likhoza kutha lonse pamodzi ndi nsidze, ndipo limayamba kumeranso patapita miyezi yochepa mankhwala atatha, nthawi zina litasintha kufewa kapena mtundu. Ambiri amapepukidwa mtima akameta okha lisanayambe kugwa, ndipo khungu la m'mutu liyenera kutetezedwa ku dzuwa ndi chipewa kapena duku.

Za anthu ndi momwe mungadziwire kuti zikusintha

Chopweteka kwambiri kwa ambiri si tsitsilo koma maso a anthu. Kwa zaka zambiri tsitsi lopyapyala lakhala likutengedwa ngati chizindikiro cha HIV, ndipo mayi amene wangochira malungo angapezeke akunong'onezedwa kumjigo kapena kutchalitchi. Ngati simukudziwa momwe magazi anu alili, kayezetseni kuti mudziwe inuyo, osati pofuna kutseka anthu pakamwa. Achibale nawo asamaseke kapena kuchepetsa dandaulo la wochira ponena kuti bola ali moyo, chifukwa kutaya tsitsi kumam'khudza munthu kwambiri, ndipo nkhawa yosatha nayo imatalikitsa vutoli. Ngati kukhumudwako kwafika polepheretsa kugona, kudya kapena kusamalira mwana, makamaka kwa mayi wobereka kumene, limenelo ndi vuto lofunika chithandizo palokha ndipo liyenera kunenedwa ku sikelo kapena kuchipatala.

Kudziyang'ana pagalasi tsiku lililonse sikungakuonetseni kusintha. Njira yabwino n'kujambula chithunzi pa foni kamodzi pa mwezi, pamalo omwewo ndi kuwala komweko, kuonetsa liwombo ndi m'mbali mwa chipumi. Choyamba kusintha ndi kuchuluka kwa tsitsi lotsalira pa chipeso, kumene kumayamba kuchepa pang'onopang'ono. Kenako m'mphepete mwa chipumi ndi m'mipata ya mizere mumatuluka tsitsi lalifupi, lofewa, losongoka kunsonga. Kusongokako ndiko kumalisiyanitsa ndi loduka, limene nsonga yake imakhala yosalala ngati yodulidwa ndi lezala. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo lathu lopiringizika limaoneka lalifupi kuposa momwe lilili mpaka mutalikoka, choncho kuti mutu udzaze monga kale pamatenga miyezi 12 mpaka 18 kuchokera pamene kuthothoka kwasiya. Ngati mwadwalanso malungo kapena kuchitidwa opaleshoni ina mkati mwa nthawiyi, yambaninso kuwerenga miyezi kuchokera pa matenda atsopanowo, ndipo ngati zithunzi za miyezi itatu yotsatizana zikusonyeza kuti liwombo likupitirira kupyapyala pamene mbali zina za mutu zikudzaza, pemphani kalata yokaonana ndi dokotala wa khungu.